Komuredi Delia ndi Madimba a ku Lupande

Munthu wodutsa pamsewu wochokera ku eyapoti ya Mfuwe kupita kumlatho wa Luangwa amayamba wamva kuseka kwa a Delia Msoni asanawaone. Amakhala pakhonde la golosale ina, kuseri kwa makina osokera akuda, phazi likupalasa, pakamwa pakuyankhula, maso ali pamsewu. Wapanjinga akawaponyera moni kuti, "Mwaswera bwanji, amake Brenda?" iwo amayankha ndi kufunsa za ana, za mbuzi ndi za apongozi mpaka munthuyo atazimiririka m'fumbi. Ana a sukulu amawatcha Komuredi. Akuluakulu ena amatero moseka, ena mwaulemu, ndipo mwiniwake amavomera konsekonse.

A Delia anabadwira m'mudzi wa Chombwe, m'mbali mwa mtsinje wa Lupande. Sukulu anailekeza mu giredi seveni, chaka chimene madzi osefukira anakokolola mapira a mayi awo. Atakula pang'ono anapeza ntchito yochapa pa loji ina cha ku Chinzombo, kumene alendo akunja amabwera kudzaona nyama. Ankachapa ndi kusita nsalu zogonera, ndipo neti ya udzudzu ikang'ambika kapena yunifolomu ya mlonda ikabooka pabondo, ankaitanidwa iwo. Mayi wina wachikulire wa pa lojipo ndiye anawaphunzitsa kupalasa makina. Ntchito ankaigwira bwino, koma manejala ankadandaula kawirikawiri kuti kuseka kwawo kumadzutsa alendo ogona masana.

Ntchitoyo anaisiya atakwatiwa ndi a Abson Ng'uni, msodzi wamtali wosayankhulayankhula. Anthu ankati pa tsiku la ukwati mawu onse a m'banjamo anapatsidwa kwa mkazi, mwamuna n'kutsala ndi kugwedeza mutu. Anabereka ana atatu, woyamba ndiye Brenda. Kuyambira pamenepo moyo wa a Delia unali pawiri: pakhonde posoka, ndi kudimba limene anawasiyira mayi awo m'mphepete mwa Lupande. Mtsinjewo ukaphwa mvula ikatha umasiya dothi lakuda lonyowa, ndipo mabanja a ku Chombwe amadzalamo repu, tomato, maungu, mbatata ya kandolo ndi chimanga chodya chachiwisi. Munthu aliyense amadziwa pothera dimba lake ngakhale palibe waya kapena chikwangwani.

Za ndale a Delia analibe nazo ntchito. Zinawapeza zokha pakhonde pawo, zitavala jekete pa dzuwa la Okutobala.

Mwini jeketeyo anali Bo Lubasi, mphunzitsi wochokera ku Senanga amene boma linamutumiza kuchigwa kuno ali mnyamata. Anaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale mpaka kupuma ntchito, n'kukhalirira. Anthu anazolowera kumuitana ndi "Bo" monga amalemekezerana kwawo kwa Alozi. Tsikulo anafika ndi nsalu yofiira atapanira m'khwapa, nati akufuna zipewa zambulandanda, zofanana ndi zimene amavala asilikali.

"Mitu ndi ingati?" anafunsa a Delia.

"Amayi, mitu ndi ya anthu onse oponderezedwa a m'chigwa chino."

"Oponderezedwawo abwere ndiwayeze. Tepi yanga siyeza mutu umene sindinauone."

Bo Lubasi anatsokomola, n'kuvomera kuti pakadali pano mitu ndi sikisi.

Chipani chawo chinkatchedwa Mgwirizano wa Khasu ndi Ukonde. Anachiyambitsa Bo Lubasi ndi anzawo a ku koleji, ndipo nthambi zake zina, zing'onozing'ono chimodzimodzi, zinali m'matauni awiri akutali. Chikhulupiriro chawo chinali chakuti nthaka ndi ya woilima, mtsinje ndi wa wowedzamo, ndipo maloji, migodi ndi mafakitale ziyenera kukhala m'manja mwa ogwira ntchito momwemo. Nthambi ya m'boma lino la Mambwe inali ndi Bo Lubasi, a Teddy Mbao onyamula zikwama za alendo pa eyapoti, asodzi awiri, mlimi wa thonje mmodzi, ndi nkhalamba ina yovutika kumva imene inkabwera poganiza kuti ndi kalabu ya feteleza.

Atasoka zipewa zisanu ndi chimodzi zija, nsalu inatsalako. A Delia anadzisokera chawochawo choti chiziwatchinga dzuwa popita kudimba, ndipo dzina la Komuredi linayambira pomwepo, iwo asanamve ngakhale chiphunzitso chimodzi.

Kumva anamva ndithu, chifukwa misonkhano inkachitika Loweruka masana pansi pa mtengo wa mvunguti umene uli pafupi ndi khonde lawo. Bo Lubasi ankayankhula diso limodzi lili kwa anthu, lina lili kumwamba kuopa zipatso zolemera za mtengowo. Mawu awo anali aatali. Atatchula koyamba za mapuloletariyati, msodzi wina anafunsa ngati ndi matenda atsopano a nkhuku. A Delia anaseka mpaka ulusi kuduka. Kenaka anaponya funso lawo ali pamakina pomwepo.

"Nanga ine? Makinawa ndi anga, koma wopalasa ndi ine ndemwe. Ndine wopondereza kapena woponderezedwa?"

Funsolo linadya masana onse. A Teddy, munthu wamtima wapachala amene ankawerenga timabuku tosiyidwa ndi alendo m'ndege, anati a Delia ndi kabwana kakang'ono. Bo Lubasi anati ayi, munthu wodya thukuta lake ndi wantchito. Nkhalamba ija inafunsa kuti feteleza abwera liti. Dzuwa linalowa asanagwirizane, koma a Delia anapeza kuti Loweruka lawakomera. Kuyambira pamenepo ankatembenuza makina kuti ayang'ane kumtengo, ndipo pamene Bo Lubasi akwera kwambiri ndi Chizungu, iwo ankawakokera pansi ndi funso.

Zinapitirira choncho, ngati masewera, mpaka chaka chotsatira m'mwezi wa Juni. M'mawa wina a Delia atafika kudimba ndi ndowa yothirira anapeza mwala wa simenti wopaka utoto woyera utaima pakati pa tomato wawo. Patsogolo panali wina, m'maungu a mnansi wawo, ndi winanso kutsidya kwa njira yotsikira kumadzi. Amuna atatu ovala maovolosi anali kukumba dzenje lina. Atawafunsa, anayankha mwaulemu kuti iwo angotumidwa. Malo onsewo, kuchokera ku mitengo ya michenja kumtunda mpaka kumtsinje, anali a bwana wina wa ku Lusaka dzina lake a Josiah Chitalu, amene ankafuna kumangapo loji ndi kuzunguliza fensi.

A Delia anakhala pansi pa ndowa yawo. Anayang'ana mzere wa nthochi umene anadzala mayi awo, ndi chitsime chaching'ono chimene malume awo anakumba mumchenga. Tsiku limenelo anthu a pamsewu sanamve kuseka.

Masana anapita kunyumba kwa Bo Lubasi, n'kuwapeza akusita malaya.

"Bo Lubasi, chaka chonse mwakhala mukutiuza kuti nthaka ndi ya woilima. Lero mwala wamera mu tomato wanga. Ndiuzeni chochita, koma m'Chinyanja chomveka."

Mphunzitsiyo anaika simbi pambali, n'kuwapatsa mpando. Anayankhula pang'onopang'ono, popanda liwu limodzi lalitali. Anati malo a makolo sangasanduke a munthu mmodzi mfumu isanavomere, khonsolo isanaone, ndiponso anthu amene amadyerapo asanafunsidwe.

"Inu anakufunsani?"

"Anafunsa ndani? Mwina anyani."

"Ndiye nkhani isanathe. Koma chinthu chimodzi, amayi: miyalayo musaizule. Mukaizula, mlandu ukhala wa inu ndi apolisi, za nthaka ziiwalika."

M'mawa mwake Bo Lubasi ndi a Teddy anakwera kanta, lole yaing'ono yonyamula thonje, kupita ku boma ku Mambwe. Kumeneko anawalandira bwino, n'kuwauza kuti pempho la a Chitalu lafikadi koma silinavomerezedwe, ndipo likunena kuti malowo ndi thengo losalimidwa ndi munthu. Ngati pali odandaula, ayambe akaonana ndi mfumu yaikulu ya deralo.

"Thengo!" anatero a Delia atamva. "Ndiye kuti ine ndine njiri."

Ntchito yosonkhanitsa anthu inagwera iwo. Sinali yophweka. Azimayi ambiri a ku Chombwe ankaopa, ankati munthu wachuma salimbana naye, ungangotaya nthawi yothirira. Amuna ena anali atamva kale kuti pa lojiyo padzakhala ntchito ya ulonda, ndiye sankafuna kuoneka pafupi ndi zipewa zofiira. A Delia sanawalalikire. Ankangokhala nawo pamjigo ndi pokonzekera kwaya ya kutchalitchi, n'kumafunsa mmodzimmodzi kuti chaka chamawa ndiwo azidzathyola kuti, ndipo ana akafuna madzi azidzadumpha bwanji waya. Anapekanso kanyimbo kosavuta, koti munthu angaimbe atasenza mtsuko:

Dimba langa si thengo ayi,
muli repu, muli ine.

Kanyimboko kanayenda kuposa iwo. Pasanapite nthawi kankamveka kuchigayo, ndipo ana ankakaimbira amuna a maovolosi aja, mpaka mmodzi wa iwo anagwidwa akukaimba yekha uku akusakaniza simenti. Anthu anayamba kudzaza pansi pa mvunguti. Nsalu yofiira inatha m'masitolo a ku Mfuwe, ndipo a Delia anayamba kudula chitenje chilichonse chimene chinali ndi kufiira, china cha zithunzi za atambala, china cha mawotchi. Azimayi anakana zipewa, anati iwo si asilikali, ndipo anamanga maduku. Bo Lubasi ankayang'ana khamulo misozi ili lendelende. Pa moyo wawo wonse anali asanayankhulepo kwa anthu ochuluka chotero, kupatula pa asembule ya sukulu.

Vuto linabuka pa nkhani yopita kwa mfumu. A Delia anati apite monga mwa mwambo, atenge mphatso, agwade, afotokoze. A Teddy anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Kugwada? Ife? Chipani cha anthu osauka chikagwade pamaso pa ufumu? Tipite ndi zikwangwani, tikaime pachipata, tikafuule mpaka atuluke!"

"A Teddy," anatero a Delia, "inu mumagwadira sutikesi ya mzungu tsiku lililonse pomanga zipi. Kugwadira dimba la amayi anu kwakuvutani?"

Anthu anaseka, koma a Teddy sanaseke. Anatembenukira kwa Bo Lubasi kuti aweruze. Mphunzitsiyo anavutika, chifukwa iwo omwe anali ataphunzitsa kangapo pansi pa mtengo womwewo kuti maufumu ndi zotsalira za nthawi yakale. Pomaliza anati kupita apita, poti lamulo likulozera kumeneko, koma iwo aima chilili, mawondo awo sakhudza pansi. Yankholo silinakhutiritse a Teddy. Anatuluka pamsonkhano ndi msodzi mmodzi ndi mlimi wa thonje uja, ndipo Loweruka lotsatira anakakhala pansi pa mtengo wina kutsidya kwa msewu, n'kulengeza chipani chatsopano: Mgwirizano Weniweni wa Khasu ndi Ukonde.

A Abson, amene ankakonza ukonde wawo pakhonde, anayang'ana mtengo uwu, n'kuyang'ana uwo. "Nsomba sizinalowe n'komwe," anatero, "mwayamba kale kulimbirana bwato." Amenewo anali mawu awo onse a mwezi umenewo pa nkhani za ndale.

Tsiku lopita kwa mfumu linafika. Azimayi anasenza malichero, amuna anakankha njinga. Kapaso, mthenga wa mfumu, anawakhazika pabwalo pansi pa mthunzi. A Chitalu anali atafika kale pa galimoto yawo, munthu wonenepa bwino wooneka wotopa, akudzipepesa ndi chipewa. Mfumu itatuluka, mkulu wa magalasi woyenda ndi ndodo, anthu onse anagwada n'kuyamba kuwomba m'manja. A Delia anasuzumira kumbali kuti aone Bo Lubasi ataima okha ngati mlongoti.

Sanawaone kumwamba. Bo Lubasi anali pansi. Anagwada mawondo onse awiri, jekete ili m'fumbi, akuwomba m'manja mwadongosolo, pang'onopang'ono, kenaka n'kukweza manja onse kumwamba, n'kuweramanso mpaka chipumi kukhudza dothi. Anachita zonse monga amachitira kwawo pamaso pa ufumu, mwaluso loti anthu a ku Chombwe anasiya kuwomba kwawo n'kumangoonerera. Mfumu inavula magalasi, n'kufunsa kapaso kuti mlendo waulemu choteroyo ndi ndani.

"Ndi tcheyamani wa chipani chosagwada, mfumu," anayankha a Delia, ndipo bwalo lonse linaphulika.

Bo Lubasi anadzuka akusasa fumbi, nkhope ili gwa. "Si ine," ananong'oneza. "Ndi mawondowa. Anaphunzira zimenezi ndisanayambe kuwerenga mabuku."

Nthawi yoyankhula itakwana, a Delia anakwawa n'kuika lichero lawo patsogolo. Azimayi ena anatsatira, mpaka panadzaza tomato, repu, maungu, kandolo ndi nthochi.

"Mfumu, tabwera ndi zipatso za m'thengo," anatero. "Akuti kumene timalima kulibe munthu. Ndiye mwina izi zinamera zokha, ife timangotola. Ine ndinabadwa amayi akulima pamenepo, iwonso anapeza amayi awo. Sitikukana alendo. Ambiri a ife tadyapo za m'maloji, ine ndemwe ndinachapako. Koma mlendo akabwera umamupatsa mphasa, osati nkhokwe."

A Delia atakhala pansi, Bo Lubasi anafotokoza za lamulo mwachidule, ndipo kamodzi kokha ndi pamene liwu lalitali linawapulumuka.

A Chitalu sanakane kanthu. Anati malowo anawaonetsa munthu wina dzina lake Ruben, mwana wa ku Chombwe komweko amene amakhala ku Chipata, ndipo anawaonetsa mu Febuluwale. Nthawi imeneyo kumunsi konse kunali madzi okhaokha ndi bango. Iwo anaona mvuu, sanaone dimba. Rubeniyo anali ataitanidwa kubwaloko koma foni yake inali yotseka kuyambira dzulo lake. Mfumu nayo inati imakumbukira kuti inavomera za malo akumtunda, kwa michenja, koma za kumtsinje ikuzimva kumene. Inati nkhani ya nthaka saweruzira pampando, ipita ikaone yokha.

Inapitadi sabata yotsatira, ndipo anthu a Mgwirizano Weniweni anali okonzeka. Anaima atatu pamtunda pafupi ndi khwawa louma limene njira ya ku Chombwe imadutsa, atanyamula chikwangwani cha katoni, zibakera zili m'mwamba. Galimoto ya mfumu inatsika m'khwawamo, n'kutitimira mumchenga mpaka m'mimba. Dalaivala anaponda mafuta, matayala n'kumangokumba. Pafupi panalibe munthu wina. A Teddy anayang'ana anzawo, anayang'ana nkhalamba ya magalasi ikutuluka thukuta m'galimotomo, n'kuika chikwangwani pansi. Pamene a Delia ndi gulu lawo ankafika akuthamanga, anapeza chipani chonse cha Weniweni chili kumbuyo kwa galimoto ya mfumu chikukankha, chikwangwani chija atachiyala pansi pa tayala kuti ligwire.

"Kankhani, makomuredi!" anafuula a Delia. "Ufumu ukupita patsogolo!"

A Teddy anafuna kukwiya, koma mchenga unali m'kamwa, ndipo mapeto ake anaseka nawo.

Mfumu inayenda m'madimba monse ndi ndodo yake, a Chitalu ali pambuyo nsapato zitadzaza matope. Inafunsa mwini wa dimba lililonse, inalawa tomato, inaima nthawi yaitali pa njira yotsikira kumadzi pamene azimayi ankadutsa ndi zidebe. Chigamulo chinaperekedwa pomwepo. Miyala yonse ya kumunsi izulidwe ndi amene anaiika. Madimba ndi njira ya kumtsinje zikhale za anthu, ndipo fensi isadzafikeko. Koma malo akumtunda, amene inavomera kale, akhale a loji.

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. A Delia anavina nawo, koma pobwerera anadutsa dala kumtunda kuja. Kumeneko ndi kumene azimayi ankatola nkhuni, kumweta udzu wofolera ndi kutola masau. Anaima pansi pa mchenja waukulu umene ankakwera ali mwana, ndipo analira pang'ono, payekha. Madzulo anauza Bo Lubasi kuti apambana theka. Mphunzitsiyo anati m'mabuku onse amene anawerenga, opambana theka ndi ochepa kwambiri, ambiri amabwerera chimanjamanja.

Loji inamangidwa. Itatsala pang'ono kutsegulidwa, a Chitalu anaima ndi galimoto pakhonde paja n'kufunsa ngati a Delia angasoke mayunifolomu a antchito. A Teddy, amene anali atabwerera pansi pa mvunguti ngakhale dzina la Weniweni sanalitaye, anati kuvomera ndi kugulitsa nkhondo. A Delia anavomera. Anati antchitowo ndi ana a m'mudzi momwemo, ndipo ngati wina ayenera kuwasokera, ndi bwino akhale wodziwa kuika matumba akuya. Mnyamata kapena mtsikana aliyense wobwera kudzayezedwa ankachoka atamva, tepi ili m'chiuno, kuti tsiku lopuma ndi ufulu wake osati chifundo cha bwana, ndiponso kuti akavutika pamodzi azikayankhula pamodzi. A Teddy atamva zimenezi anati imeneyo ndi njira yovomerezeka, ndipo anayamba kunena kuti nzeruyo inali yawo.

Chisankho chitayandikira, zipani ziwiri zija zinagwirizana kwa nthawi yoyamba kuti a Delia aime pa ukhansala. Kampeni yawo inali ya njinga imodzi ndi ng'oma yobwereka kutchalitchi. Kulikonse kumene ankapita anthu ankadzaza, ankaimba, ankaseka, ndipo a Delia anayamba kuganiza za diresi yodzavala polumbira. Zotsatira zitatuluka, mavoti awo sanakwane ngakhale kudzaza lichero. Anthu omwe ankavina nawo aja anavotera zipani zikuluzikulu zimene makolo awo ankavotera. Mayi wina anawauza mosabisa kuti, "Amake Brenda, inu timakufunani pano. Mukapita ku khonsolo, adzatisokera ndani, adzatikalipirira ndani?"

Kunyumba anayang'ana chala cha a Abson, n'kupeza chilibe inki.

"Abambo ake Brenda, inunso?"

"Nsomba zinali zambiri," anayankha a Abson. "Koma mumtima ndinakuvoterani."

A Delia anawathamangitsa ndi chipande kuzungulira nyumba, ana akukuwa ndi chimwemwe. Nsomba zomwezo ndi zimene anakazinga madzulo, n'kuitana makomuredi onse a mitengo iwiri ija kudzadya phwando la kugonja.

Chaka chatha Bo Lubasi anabwerera kwawo ku Senanga. Miyendo inayamba kuwavuta, ndipo mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga. Pamsonkhano wotsanzikana anayankhula mwachidule, anasiya utcheyamani m'manja mwa a Delia, ndipo a Teddy anangotsutsa pang'ono chabe, mwamwambo. Bo Lubasi amaimba foni Lamlungu lililonse kufunsa mmene nkhondo ikuyendera, ndipo a Delia amawauza zonse, kuphatikizapo amene wakwatiwa ndi amene njovu zamudyera chimanga.

Chipanicho sichinakule kwenikweni. Olembetsa ndi ochepabe, ndipo ku Lusaka palibe amene amachidziwa. Koma m'midzi ya m'mbali mwa Lupande, munthu akaona alendo akuyendayenda m'munda mwake ndi zoyezera, kapena achibale akafuna kumulanda malo, amauzidwa kuti apite pakhonde la golosale ija. Ena a Delia amawathandiza, ena amawauza mosapita m'mbali kuti olakwa ndi iwo, ndipo pali milandu ina imene inawakanika.

Posachedwapa kunafika mayi wina wochokera kutsidya kwa mtsinje, dzina lake a Margaret, mwana ali kumbuyo, mapazi atayera ndi fumbi. Anaima patali, akuchita manyazi, mpaka a Delia anawaitana n'kuwapatsa madzi. Amuna awo anamwalira chaka chathachi. Tsopano alamu awo abwera ndi munthu wa ku tauni, akuti munda wa mpunga umene banjalo linatsegula ndi manja awo augulitsa, iwo abwerere kwawo.

"Anakufunsani?" anatero a Delia.

"Ayi. Anangondiuza."

"Anyakwawa akudziwa?"

"Sindinapiteko. Ndimaopa kupita ndekha."

A Delia anamaliza mpendero wa siketi ya sukulu imene inali pamakina, anadula ulusi ndi mano, n'kuphimba makinawo ndi chitenje. Anauza mwini golosale kuti wobwera kudzatenga zovala adikire mawa. Kenaka anatulutsa njinga, anaipopa, n'kumenya kampando ka kumbuyo ndi dzanja.

"Kwerani, amayi. Mwanayo mumugwire bwino, ine pokhota sindichepetsa liwiro. Tiyambe taona mundawo, nkhani mundiuza m'njira."